Lichero la Apongozi ndi Sibeti Yanga

Ndikanakhala munthu wongodya n'kugona, wosafuna kudziwa chifukwa cha chinthu chilichonse, bwenzi pano mkazi wanga ndi mwana wanga ali nane ku Nkhunga. Koma ayi. Ku Nkhunga ndimakhala ndekha Lolemba mpaka Lachisanu, Loweruka n'kukwera minibasi kubwerera ku Chia kukapitiriza chikamwini, chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano. Anzanga akuntchito akandifunsa ndimangoti nkhani zapabanja. Lero ndiulula: zinandigwetsa ndi makhadi, lichero ndi pakamwa pangapa.

Nditakwatira Esinati ndinasamukira kwawo, m'mudzi wina m'mphepete mwa Chia, monga mwa mwambo. Ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo, koma kumeneko zitsulo zake ndi njinga yothyoka ndi chogwirira cha poto, ndiye ndinkalimanso mpunga m'dambo la apongozi. Chaka chatha mwayi unapezeka: ntchito kuesiteti ya nzimbe ku Dwangwa, kuyamba mwezi wa Julayi, nyumba yokhalamo n'kuipeza ku Nkhunga, pafupi pomwepo. Ndinatuma mkulu wanga, yemwe ndi nkhoswe yanga, kukapempha chitengwa, kuti andilole kutenga mkazi wanga ndi mwana wathu Tadala tikakhale patokha. Wovomera zotere ndi malume ake a mkazi, mwini mbumba. Kwa ife anali a Phiri, alongo awo a apongozi anga a Naphiri. A Phiri anamvetsera, anapukuta magalasi awo ndi malaya, n'kunena kuti, "Tamva. Tidzayankha mpunga ukalowa m'nyumba."

Nditchuliretu kanthu kena, musadzati ndinabisa. Zaka ziwiri m'mbuyomo khitchini ya apongozi inagwa ndi mvula. Ine ndinaimirira pamaso pa anthu n'kunena kuti, "Musadandaule akuluakulu, izi n'zazing'ono. Mvula ikamadzabweranso mayi adzakhala akuphikira m'nyumba ya njerwa." Njerwa ndinaumba, ndinawotcha, khoma linafika pa zenera. Linaima pa zenera pomwepo (m'kati mwake munamera papaya ndipo anabereka, ndiye musanene kuti palibe chinapindula).

Tikudikira mpunga uja, mlamu wanga Jonasi anabwera kuchokera ku Joni. Anzake amabwera ndi matiresi kapena wailesi. Iye anabwera ndi jekete yachikopa ndi paketi ya makhadi. Kumeneko ankapukuta matebulo m'nyumba ina yotchovera juga, ndipo anapukuta zaka zitatu akuonerera, mpaka masewero ena otchedwa Omaha anamulowa m'mutu. Atafika anaphunzitsa malume ake, malume ake n'kuitana mnzawo wapaubwana, a Saidi, mwini mabwato awiri. Anthu atatu anali ochepa, ndiye a Phiri anandiitana okha. Mkamwini sakhala pamkeka umodzi ndi malume a mkazi wake mwachisawawa, choncho mumtima ndinati mwayi ndi umenewu, awa aone kuti mwana wa mlongo wawo akupita ndi mwamuna wodziwa zimene akuchita.

Masewero ake ali motere, kwa inu amene simunawaonepo. Aliyense amalandira makhadi anayi obisa. Pakati pamagwa makhadi asanu oonekera kwa onse: atatu pakamodzi, kenako limodzi, kenako lomaliza. Iwe umatenga awiri mwa anayi ako, awiri okha basi, n'kuphatikiza ndi atatu apakati kuti upange dzanja loposa la anzako. Makhadi apakati asanagwe, komanso akamagwa, anthu amabetcha. Nthawi yako ikafika ukhoza kugogoda pamkeka, kutanthauza kuti wadutsa, ukhoza kuponya zako pamulu, kutsatira zimene mnzako waponya, kukweza, kapena kutaya makhadi n'kupuma. Koma sungaponye zoposa mulu umene uli pakati. Ukafuna kuponya zolingana ndi mulu wonse umangoti "poti".

A Saidi ananeneratu tsiku loyamba. "Ndalama ayi. Juga kwa ife Asilamu ndi haramu, ine sindikhala pamkeka pali ndalama." Ndiye tinkagwiritsa ntchito zitsekero za mabotolo zimene Jonasi anakatola kuseri kwa golosale. Koma a Phiri anati masewero opanda chowawa ndi a ana. "Woyamba kuthedwa zitsekero, Lolemba akaingitsa mpheta kumunda kwanga, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa paliwombo." Tonse tinavomera tikuseka, aliyense akuganizira mnzake.

Chida chimene chinandipha anandipatsa ndi Jonasi, tikuyala mkeka pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya a Phiri.

"Alamu, pali kanthu kena, akatswiri amati sibeti. Mukakweza makhadi apakati asanagwe, anthu amakuopani, amaganiza kuti muli ndi zazikulu. Ndiye atatu oyamba aja akagwa, inu mumapitiriza kubetcha, kaya akukomerani kaya ayi. Kawirikawiri anzanu nawonso sanapeze kanthu, amangotaya, mulu n'kukhala wanu."

"Ngakhale ndilibe kanthu?"

"Ngakhale mulibe kanthu. Koma tamverani, mu Omaha muno zili ndi nthawi yake."

Anapitiriza kulankhula. Ndikukumbukira kuti anatchula zowerenga anthu otsala, za makhadi apachibale, za yemwe akulankhula pomaliza. Ine ndinkagwedeza mutu, koma maganizo anali atatsalira pa mawu aja akuti ngakhale mulibe kanthu.

Linali Lamlungu, ndipo tsiku lomwelo ndinayesa. Ndinalandira tinthu tosadziwika bwino, faifi, sikisi, naini ndi jeki, koma ndinakweza. A Phiri anataya, Jonasi anataya, anatsala a Saidi okha. Pakati panagwa kingi wa masipedi, seveni wa mitima ndi thu wa madayimondi. M'manja mwanga munalibe chogwirizana nazo ngakhale chimodzi. A Saidi anagogoda. Ine ndinakankha zitsekero n'kunena kuti, "Musadandaule akuluakulu, izi n'zazing'ono." A Saidi anayang'ana makhadi awo, anayang'ana m'mwamba mu mtengo, anati "Haya," n'kutaya.

Chimene chinandigwira si kupambanako ayi, koma funso. Munthu wamkulu, amene amalowa m'nyanja mwera ukuwomba, wathawa bwanji chinthu chimene kulibe? Sabata yonse ndinkazunguza nkhaniyo m'mutu. Ndinagula bandulo n'kuyamba kuonera pafoni azungu ovala zipewa m'nyumba akukankha timiyulu tawo, anzawo n'kumathawa (patapita nthawi ndi pomwe ndinazindikira kuti iwo ankasewera masewero ena, a makhadi awiri okha m'manja, ine sindinkawerenga makhadi awo, ndinkaphunzira nkhope). Pofika Loweruka ndinali nditapanga lamulo langalanga: ndikakweza, ndizipitiriza nthawi zonse. A Phiri aone kuti mkamwini wawo akayamba chinthu sabwerera m'mbuyo.

Lamlungu lachiwiri zitsekero zanga zinatha tiyi wa a Saidi asanazizire. Lolemba m'mawa ndinali pansanja pakati pa munda wa a Phiri, ndikukoka chingwe cha zitini n'kumakuwa ngati ndapsa. Amayi opita kukachapa ankaima pamzere wa munda n'kundipatsa moni waulemu kwambiri, uja wopweteka. "Mwadzuka bwanji akamwini? Kodi ana onse apita kusukulu lero?" Lamlungu lachitatu zinachitikanso chimodzimodzi. Mpheta zinayamba kundizolowera, zina zinkatera pansanja pomwepo.

Lolemba limenelo Jonasi anandilondola kumunda atanyamula chinangwa chophika, anakhala pansi pa nsanja n'kuyamba kundiphunzitsanso.

"Alamu, aliyense pamkeka paja ali ndi makhadi anayi. Anthu atatu ndi makhadi khumi ndi awiri. Pakati pakagwa eyiti, naini, teni, makhadi apachibale, mukuganiza kuti mwa khumi ndi awiriwo mulibe m'bale wawo? Tsiku loyamba lija munatsala ndi munthu mmodzi, pakati panali makhadi osadziwana, ndipo womaliza kulankhula munali inu. Nthawi yake ndi imeneyo. Kupanda apo muzipitiriza mukakhala ndi chenicheni, kapena mukakhala ndi njira yofikira dzanja loposa onse. Zikakuipirani gogodani. Kugogoda si matenda."

"Zimenezo ndamva," ndinatero ndikukoka chingwe. "Koma tandiuza ichi. Ndikakhala ndi chenicheni, bwanji malume ndi a Saidi amataya msangamsanga? Ndikakhala ndilibe, bwanji amandikakamira mpaka kumapeto? Ine ndimaponya chimodzimodzi, nkhope ndimaumitsa chimodzimodzi. Amadziwa bwanji?"

Jonasi anatafuna chinangwa nthawi yaitali. "Mwina ndi nzeru za ukalamba," anatero, maso ali kumadzi. Ndinaona kuti mapewa ake akugwedezeka, koma ndinkayesa chinangwa chamutsamwa.

Apa ndi pomwe matenda anga akale anadzuka. Ine chiyambire ubwana sinditha kusiya chinthu chosamveka (wailesi ya bambo anga ndinaiphwasula ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi kufuna kuona anthu ake, ndipo sinalankhulenso). Ndinatenga kabuku kamene ndimalembamo miyezo ya zitseko n'kuyamba kafukufuku. Choyamba ndinapempha makhadi a Jonasi n'kuwaunika limodzilimodzi padzuwa. Eyisi wa maluwa anali ndi banga la mafuta a usipa kumsana, kwini wina anali wopindika pangodya. Ndinati ndakupezani. Ndinapalasa njinga mpaka kuboma kukagula paketi yatsopano. Lamlungu lachinayi, ndi makhadi onunkhira sitolo, ndinaluza mofulumira kuposa kale. Ndinavula wotchi kuopa kuti galasi lake likuonetsa. Ndinayang'anitsitsa magalasi a a Phiri mpaka anandifunsa ngati ali ndi kanthu pamphuno.

Tsiku lomwelo, chakumapeto, khutu langa linagwira kanthu kena. Apongozi anga amagulitsa mpunga pamsewu, ndipo Lamlungu masana ndiyo nthawi yawo yopeta ndi kusankha miyala. Ankakhala pakhonde la nyumba yawo, mapazi angapo kuchokera pamkeka wathu, atatembenukira kumbali. Ine ndi iwo sitiyang'anana kumaso. Tikakumana panjira mmodzi amapatuka, tikafuna kuuzana kanthu timadzera mwa Esinati. Ndiye pamkeka paja ndinkakhala mowapatsa msana, chifukwa cha ulemu. Lichero lawo linkalira kumbuyo kwanga masana onse, cha, cha, cha, mpaka munthu sulimvanso. Koma ulendo wina nditangoponya ndilibe kanthu, linangoti zii. A Phiri anatsatira. Ulendo wotsatira ndinali ndi makingi atatu enieni, ndinakankha zitsekero mwakachetechete, ndipo lichero linapitiriza cha, cha, cha. A Phiri ndi a Saidi anataya onse. Ndinalemba m'kabuku kaja. Pomatha masewero ndinali nditalemba kasanu, ndipo kasanu konse zinagwirizana.

Madzulo ake ndinamupeza Esinati akusita zovala za Tadala.

"Amake Tadala, kodi mayi amadziwa makhadi?"

"Mayi anga? Ngakhale nambala ya foni yawo amachita kufunsa ine."

"Nanga maso awo amaona patali bwanji?"

"Miyala ya mumpunga amaipeza ndi zala. Mwatani kodi?"

Ndinamuonetsa kabuku. Ndinkayembekeza kuti aseka kapena andiyamikira, koma anaika simbi pansi n'kundiyang'ana.

"Bambo a Tadala, ndikupempheni. Mpunga wayamba kucha. Ine katundu ndinayamba kale kumanga, makatani a ku Nkhunga ndinasoketsa, ali m'sutikesi. Zaka zisanu ndikuphika pamafuwa amodzi ndi mayi, ndikufuna pophikira pangapanga. Pitani mukaluze zitsekero zanuzo mwaulemu, mukaingitse mbalame, koma mayi anga muwasiye."

Ndinavomera, ndipo ndinavomera ndi mtima wonse. Kungoti ndinadziuza kuti kuyesa kamodzi kokha si kuwavuta. Lamlungu lachisanu ndinalandira makhadi n'kuwapanikiza pansi pa bondo osawaona, ngakhale ine mwini. Ngati apongozi amasuzumira m'manja mwanga, lero asuzumire bondo. Ndinakweza. Makhadi atatu atagwa ndinati, "Poti. Musadandaule akuluakulu, izi n'zazing'ono." Kumbuyo kwanga lichero zii. A Phiri anatsatira mpaka kumapeto, ndipo nditavundukula ndinapeza zinyalala zokhazokha. Munthu wanzeru akanati, ngati makhadi sanaonedwe ndi aliyense, ndiye kuti nkhani si makhadi. Ine ndinati, ndiye kuti Jonasi akamagawa amawapendeketsa dala kuti mayi ake aone. Ndinalemba zimenezo m'kabuku n'kudula mzere pansi pake.

Lamlungu lachisanu ndi chimodzi mpunga unali utamwetedwa, anthu akupuntha. Mpheta zinalibenso ntchito ndi ife. Tikukhala pansi a Phiri anati, "Akamwini, akulu anu abwere Lachitatu, tidzamalize nkhani ija." Ndinayankha kuti zikomo malume. Ndinangotsala ndi masana amodzi oti ndikhale munthu wabwinobwino.

Ndiye Jonasi anandigawira maeyisi awiri akuda, pamodzi ndi foro ndi thu. Maeyisi awiri, abale, makhadi aakulu kuposa onse. Ndinakweza, ndipo onse atatu anatsatira. Pakati panagwa naini wa mitima, teni wa mitima ndi jeki wa madayimondi. Woyamba kulankhula ndinali ine. Zonse zimene Jonasi ananena kumunda zinandibwerera bwinobwino, sindinganame kuti ndinaiwala. Anthu otsala anali onse. Makhadi apakati anali apachibale enieni, a bere limodzi. Njira yofikira dzanja lalikulu ndinalibe, khadi la mitima ndinalibe ngakhale limodzi. Maeyisi anga, amene anali mafumu kamphindi kapitako, tsopano anali alendo. Jonasi anandiponda chala chakuphazi. Dzanja langa linanyamuka kuti ligogode, ndikulumbira linanyamuka. Koma ndinaona a Phiri akundiyang'ana pamwamba pa magalasi, ndipo ndinaganiza za Lachitatu. Adzati anayamba ndi phokoso, pofika pakati n'kufooka.

"Poti," ndinatero. "Musadandaule akuluakulu, izi n'zazing'ono."

Lichero zii.

Jonasi anataya makhadi ake akupukusa mutu. A Saidi anatsatira. A Phiri anati, "Poti nanenso." Ndinakankha zonse zimene zinatsala. Makhadi awiri omaliza anagwa osasintha kanthu. A Saidi anaonetsa mateni awiri, kuphatikiza la pakati lija atatu. A Phiri anaonetsa kingi ndi kwini, mndandanda wathunthu kuyambira naini mpaka kingi. Maeyisi anga anali achitatu pa anthu atatu.

Zimene ndinachita kenako ndimazionabe ngati anachita munthu wina. Ndinatembenuka, thupi lonse osati khosi lokha. Ndinawayang'ana apongozi kumaso, koyamba chikwatirire (ali ndi kachipsera pachibwano, sindinkadziwa), n'kunena mokweza kuti, "Mayi, lichero limenelo ndalimva. Nthawi zonse zikandivuta mumasiya kupeta kuti malume adziwe. Ndalemba zonse."

A Saidi ananong'ona kuti, "Astaghfirullah, Mulungu atikhululukire." Jonasi anadziphimba kumutu ndi jekete yake. Esinati anali pakhomo ndi beseni m'manja, Tadala kumsana, ndipo sanasunthe. Apongozi anakoka chitenje kubisa mbali ya nkhope, anatembenukira kukhoma la khitchini ija, n'kulankhula ndi mlongo wawo ngati ine palibe.

"Achimwene, auzeni akamwini anu kuti ine makhadi sindiwadziwa, ndipo maso anga safika pamenepo. Koma makutu ndili nawo. Iwowa akakhala ndi chinthu m'manja salankhula. Tsiku limene anabwera ndi njinga yatsopano anangoiimika pakhonde. Tsiku limene anapeza ntchito ku Dwangwa tinamva kwa mwana wanga. Koma akakhala alibe kanthu amati musadandaule akuluakulu, izi n'zazing'ono. Anatero tsiku lija khitchini inagwa, mawu ake omwewo, kakwezedwe kake komweko. Ndiye ine ndikawamva ndimayang'ana khoma ili, kuseka n'kundigwira. Munthu sungapete ukuseka, mpunga umatayika. Ndimayamba ndadikira kuti kuthe."

Papaya uja anali pomwepo, atatulukira pamwamba pa khoma, ali ndi zipatso zinayi.

A Phiri anatsokomola. "Komatu akamwini sananame kwenikweni. Ine ndi a Saidi tinazindikira Lamlungu lachiwiri. Lichero likasiya, ife timatsatira."

"Ine makhadi anga ndinasiya kuwayang'ana kalekale," anatero a Saidi.

"Kodi munkatero?" anafunsa apongozi, akuyang'anabe khoma. "Ine osadziwa."

Ndikuuzeni zoona, ngakhale n'zochititsa manyazi. Pakati pa kunyozeka konseko, kambali kena ka mtima wanga kanasangalala, chifukwa kafukufuku wanga anali wolondola, lichero linkandiululadi. Chimwemwe chimenecho chinatha nditaona Esinati akuika beseni pansi pang'onopang'ono n'kulowa m'nyumba.

Lachitatu mkulu wanga anabwera, koma m'malo mwa chitengwa tinayamba ndi mlandu. Ndinapereka nkhuku yopepesera apongozi, tambala wanga yekhayo. Kenako a Phiri anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, ndipo ndinadziwiratu kuti zavuta.

"Akamwini, za lichero zatha, nkhuku talandira. Ine ndikufuna ndinene za maeyisi aja. Kukweza munakweza bwino, aliyense akanatero. Koma makhadi atagwa okuipirani, anthu atatu akukudikirani, inu munadziwa kuti zasintha. Ndinaona dzanja lanu likufuna kugogoda. Munapitiriza chifukwa choti munayamba ndinu, ndiponso chifukwa ine ndinkayang'ana. Tsono ine funso langa ndi limodzi. Kuno mwana wathu akadwala, kapena ufa ukatha, timaona ndi maso. Ku Nkhunga sitidzaona. Zikadzakuvutani kumeneko, mudzatiimbira foni kutiuza kuti zavuta, kapena mudzamuuza kuti asadandaule, n'zazing'ono?"

Mkulu wanga ankangojambula pansi ndi kamtengo.

"Sitikukana," anapitiriza a Phiri. "Pitani mukayambe ntchito. Khitchini ija ikadzafoleredwa, mudzabwere mudzatenge mkazi wanu."

Esinati sanandikalipire, ndipo bwenzi zili bwino akanandikalipira. Anangotsegula sutikesi, anatulutsa makatani aja n'kuwapachika m'nyumba yathu ya ku Chia. Anawasoketsa poyezera mazenera a ku Nkhunga, ndiye kuno ndi aatali, amakhudza pansi. Loweruka lililonse ndikalowa ndimawaona atadetsedwa m'munsi, ndipo zimandipweteka kuposa mawu onse a a Phiri.

Pamkeka ndinaphunzira, zimenezo nditha kudzitama. Masiku ano ndimawerenga anthu, ndimayang'ana ngati makhadi apakati ndi apachibale, ndipo ndimagogoda osachita manyazi. Ndikatsala ndi munthu mmodzi pamakhadi osadziwana ndimapitiriza, pakamwa nditatseka. A Saidi akudandaula kuti masewero sakukomanso, ndipo chaka chino mpheta anaingitsako ndi Jonasi. Khitchini nayo yayenda. Papaya ndinadula (apongozi anatumiza uthenga kudzera mwa Esinati kuti anali wotsekemera), khoma lafika pamwamba, mitengo ya denga ndakhoma. Atsala malata.

Loweruka lapitali ndinali pamwamba pa khoma ndikuyeza, Esinati anabwera ndi madzi akumwa. Kuseri kwa nyumba lichero linkalira cha, cha, cha.

"Bambo a Tadala, mitambo yayamba. Malata aja zili pati?"

Malata ndinalibe, ndipo sindinkadziwa kuti ndiwapeza liti. Ndinatsegula pakamwa. "Amake Tadala, musadandaule, izi n'za..."

Kuseri kuja zii.

Ndinameza mawu otsalawo, ndinamwa madzi, n'kunena kuti, "Malata ndilibe. Ndikufunafuna, koma zandivuta."

Esinati anandiyang'ana kanthawi. "Mukanatero kale. A Saidi akusasula shedi yawo yakale ya maukonde, mawa tipite limodzi tikawafunse." Analandira kapu n'kumapita, ndipo patapita kamphindi lichero linayambanso.

Ndinakhala pakhoma paja ndikuganiza. Ndinali nditalankhula motsitsa kwambiri, mphepo inkawombera kwina, ndipo pakati pa ine ndi apongozi panali nyumba yathunthu. Chimene sindikudziwabe n'chakuti amandimva kuchokera pa mamita angati. Tepi yoyezera ndili nayo m'thumba, koma Esinati sindinamuuze.